Ndaliona Bondo Lako, Limbani

Doha,
Lachisanu masana

Limbani mwana wanga,

Ukutsimphina. Usayambe kukana, ndachita kukulembera kalata dala chifukwa pepala silidulidwa mawu. Ukutsimphina mwendo wamanzere. Pamalo osalala ukubisa bwino, pamenepo ndikuyamikire, koma dzulo pamasitepe otsikira kumaboti ku The Pearl, dera la olemera lija, unkatsogoza wamanja sitepe iliyonse, wamanzere n'kumaukoka pambuyo ngati mlamu amene sanaitanidwe ku ukwati. Nditakufunsa unati, “Palibe kanthu, Adadi, ndi ndege.” Ndege! Inenso ndege ndinakwerapo, bambo. Imatupitsa mapazi onse awiri. Siichita kusankha bondo limodzi.

Tili pa tiyi unavomera theka lake. Unati wosewera wa timu ina anakugwera pabondopo sizoni ili pafupi kutha, kuti likumatupa ukathamanga, ndi kuti dokotala wa timu yanu sunamuuze. Chifukwa chake unachinena ukuyang'ana m'kapu: kontirakiti yako yatsala ndi chaka chimodzi, ukangotsegula pakamwa akuika pambali, ndipo pali wina wamtali ngati iwe amene akudikira malo akowo. “Ndilimba nalo, Adadi, mpaka sizoni iyambe.” Ine ndinati chiyani? Ndinati tiyi wazizira. Bambo ako, amene sanasowepo chonena pamaliro kapena paukwati, anadandaula za tiyi.

Mawa usiku ukukwera ndege yobwerera ku Perth, ku Australia, Lolemba mukuyamba kukonzekera sizoni yako yachiwiri. Choncho ndatsala ndi tsiku limodzi loti ndinene chinthu chimodzi: ukakafika, ukamuuze dokotala za bondolo usanamange zingwe za nsapato. Ndi zokhazo. Zina zonse zimene uwerenge m'munsimu ndi zifukwa zimene ndinalepherera kukuuza dzulo maso ndi maso, ndipo uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale Chichewa chako chija chayamba kuyendera ndodo.

Ndikudziwa kumene unaphunzira kubisa ululu. Si kwa amayi ako ayi. Amayi ako mutu ukawapweteka, mankhwala amamwa ndi aneba. Unaphunzira m'kalasi mwanga, ndipo ndiwe wophunzira yekhayo amene ndikudandaula kuti anakhoza.

Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ku nyumba za aphunzitsi ku Ntcheu, unali ndi mpira wachikulunga umene unaumanga wekha ndi majumbo ndi malegeni. Anzako ankaumenya ndi mapazi monga anthu. Iwe unkauthamangira ndi manja, kudumpha, kukwera pamisana ya anzako kuti uuwakhe m'malere. Ankakuika pagolo kuti angosiya kukangana nawe. Tsiku lina ndikuchokera kophunzitsa ndinakupeza pabwalo, buku la masamu lili pafumbi, mwaliyesa polo. Buku langa! Ndinatenga lezala n'kudula mpirawo legeni imodziimodzi iwe ukuona, kwinaku ndikulalikira kuti chimadyetsa munthu ndi mutu, miyendo ndi ya ng'ombe zokoka ngolo. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, aphunzitsi anzanga anachita kutuluka m'nyumba kudzamvera. Iwe sunalire. Unatola majumbowo n'kukawabisa kuseri kwa bafa, ndipo kuyambira pamenepo mpira unkasewerera kumene ine sindifika. Ndinkati ndakuletsa mpira. Ndinangokuphunzitsa kutseka pakamwa.

Patapita zaka ziwiri unathyoka chala. Tayang'ana dzanja lako lamanja pompano, kachala kakang'ono kaja kopindika ngati mbedza. Anthu a kwanuko akuganiza kuti ndi za mpira wawowo. Ndi za ine. Unakathyola ukuwakha mpira kudambo, ndipo unayenda nako sabata yathunthu dzanja lili m'thumba, ukudya ndi lamanzere n'kumanama kuti ukungoyeserera. Amayi ako anali ku Blantyre kumaphunziro a unamwino, m'nyumba tinali awiri. Ine ndinazindikira liti? Nditaona kuti m'kope mwako mwayamba kuoneka ngati mopalasa nkhuku. Ndipo ndinakukalipira chifukwa cha zolembazo, Limbani, ndisanafunse n'komwe za dzanjalo. Pofika kuchipatala, adokotala anati fupa layamba kale kugwirana mokhota, palibenso chochita. Anandiyang'ana n'kufunsa, “Mwanayu amakuopani chonchi bwanji, aphunzitsi?” Ndinawayankha m'Chingerezi chachitali kuti asapitirize. Chala ndi chala, mwana wanga, wakula nacho. Bondo si chala. Ukamuuze dokotala.

Amayi ako atapeza ntchito ku Australia unali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mapepala anali a tonse atatu. Iwe unauzidwa kuti ine ndatsalira ana a Fomu 4 amene ndinkawakonzekeretsa mayeso. Bodza. Ndinafunsa amayi ako kuti ine ndikagwira ntchito yanji kumeneko, iwo anati poyamba mwina kunyumba zosamalira okalamba, mpaka mapepala anga a uphunzitsi atavomerezedwa. Ndinaimirira pakati pa balaza. “Ine? Munthu wa digiri, amene ndinavala gauni ku Zomba, ndikasambitse nkhalamba za eni ake?” Amayi ako anapitiriza kupinda zovala. “Digiriyo muisunge bwino, bambo a Limbani,” anatero. “Kukazizira muziifunda.” Ndinayesa ndapambana mkanganowo chifukwa wolankhula mokweza ndinali ine. Ku bwalo la ndege ndinakugwira chanza ngati nduna yotsanzikana ndi nduna inzake, n'kukuuza kuti ukakhale loya. Unali utavala juzi ya amayi ako chifukwa yako manja ake anali atafupika kale. Ukwati wathu unathera pa foni patapita zaka ziwiri, popanda ndewu, unangozima ngati mbaula yoiwalidwa panja. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza ku Doha kuno, utandidikirira pachitseko.

Tsopano khala pansi, utambasule mwendowo. Ine sindine ofesala wophunzitsa antchito pakampani ina iliyonse. Ndilibe ofesi. Fulati ija ndinati akuipenta n'chifukwa chake ukagone ku hotela, kulibe. Kalatayi ndikulemba nditakhala pabedi yapansi m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, bambo wa ku Nepal wa shifiti ya usiku akuliza mkonono pamwamba panga. Ndine mlonda. Gadi. Ndimaima pakhomo la nyumba yosanja ku The Pearl komweko, sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo, kutsegula chitseko, kupereka moni m'zilankhulo zinayi, kulemba mayina a obweretsa zakudya, ndi kuimitsa chikepe kuti agalu a mabwana akwere. Zaka zisanu ndi chimodzi. Uphunzitsi ndinausiya nditakangana ndi ahedi, pakamwa pomwepa, ndipo ejenti wa ku Lilongwe anandilonjeza kuti ndi maphunziro angawa ndizikaphunzitsa alonda. Nditafika anandipatsa chipewa ndi wisulo. Nditatchula digiri, supavaiza anati, “Mafi mushkila, palibe vuto. Yalla, fulumira, vala.” Sabata yoyamba ija ndikananena. Mukanandiseka, amayi ako akanaseka mpaka kugwa pampando ndipo palibe akanawaimba mlandu, koma zikanathera pomwepo. M'malo mwake ndinadzijambulitsa nditakhala pa desiki ya supavaiza iye atapita kokapemphera, n'kukutumizira chithunzicho. Ndinati ndilimba nalo mpaka andikweze. Wawamva mawuwo? Ndi ako a dzulo.

Uli ndi zaka khumi ndi zitatu unanditumizira kavidiyo koyamba ka mpira wa ku Australia kwanuko. Ndinakaonera katatu ndisanamvetse kuti si ndewu. Ndifunseko, popeza sindinafunsepo: amene anayambitsa masewera amenewa anali atamwa chiyani? Mpira wooneka ngati papaya, wodumpha kosadziwika ngati mbuzi yolumidwa ndi njuchi. Bwalo ngati dzira. Anthu khumi ndi asanu ndi atatu mbali iliyonse, amuna akuluakulu, tikabudula tosakwana n'kupukutira mbale komwe, majezi opanda manja m'nyengo yozizira. Kupatsirana mpira ndi chibakera. Ndiye mapolo anayi! Ukamenya pakati mapointi sikisi, ukaphonya pang'ono akupatsabe imodzi, bambo wina n'kukupiza mbendera mwaulemu kukondwerera kuphonya kwakoko. Ine ndinachonga mayeso zaka khumi ndi zisanu, sindinaperekepo malikisi chifukwa choyandikira yankho. Koma m'kavidiyo kaja munali iwe, wakuda wekhawekha pakati pa ana a azungu, ukukwera pamsana pa mnzako ndendende ngati ku Ntcheu, n'kutsika ndi mpira pachifuwa, makolo a eni ake akuwomba m'manja. Chimene ine ndinkachidula ndi lezala, kumeneko ankachiimirira. Ndinakuyankha pokonza sipelo ya uthenga wako.

Bodza langa silinachedwe kuyamba kudya. Tchuthi chilichonse unkapempha kudzandiona, ndipo tchuthi chilichonse ndinkapeza chifukwa: kukutentha kwambiri, ndili ndi alendo a kampani, ndikupita kumsonkhano. Uli ndi zaka khumi ndi zisanu unandiimbira ukufuna kusiya mpira, chifukwa munthu wina wamkulu kuseri kwa mpanda wa bwalo anakutukwana za khungu lako. Unati, “Adadi, ndibwere ndidzakhale kwa inu pang'ono.” Ukanagona pati? Kunsi kwa bedi? Ndinakupatsa phunziro la theka la ola la mbiri ya atsamunda, n'kutsiriza ndi kuti mwamuna salira. Anakutonthoza ndi wina, mdala wa ndevu zoyera amene ankaphunzitsa timu yanu ya ana n'kumakutenga pa galimoto yake Loweruka lililonse. Ndi iye anapita yekha kukamuchotsa wotukwanayo pabwalo. Zikadzachitikanso, usadzameze. Udzanene tsiku lomwelo kwa akuluakulu a timu. Zija ndinati mwamuna salira uzifufute, zinali zothamangitsira foni.

Tsiku limene timu yaikulu inakusankha unandiimbira ukulira, kumbuyo kukumveka nthungululu za amayi ako. “Adadi, anditenga! Atchula dzina langa!” Ine: “Chabwino. Nanga sukulu?” Ndinali nditabisala m'chimbudzi cha antchito kuti usamve wailesi ya ulonda ili m'chiuno mwangamu, ndipo ndinafulumira kudula foni chifukwa inayamba kundiitana. Unaganiza kuti sindinakondwe. Ndinatuluka m'menemo n'kukumbatira Che Yusufu, dalaivala wa banja lina la m'nyumbayi, munthu wa ku Mangochi amene amakhala pakhomo panga kudikira madamu ake, mpaka anati, “Aphunzitsi, ndisiyeni, makamera akuona.”

Ndiye tifike pa tsiku la jezi, pakuti ndikudziwa kuti chilonda chili pamenepo. Mwambo wake anandifotokozera bwinobwino: mnyamata akamasewera koyamba m'timu yaikulu, amaitana makolo ake m'chipinda chovalira, pamaso pa timu yonse, kuti amupatse jezi yake ndi manja awo. Mayi wa ku kalabu kwanu amene amaona za mabanja a osewera anandiimbira nthawi ikadalipo. Anati kochi wanena kuti tsiku lako layandikira, tikonzeretu viza kuti likadzafika ndidzangokwera. Tikiti ndi pogona, zonse za kalabu. Kwa ine ankangofuna pasipoti ndi kalata ya kuntchito yonena chimene ndimachita. Kalatayo ndinakaitenga, Limbani. Tchuthi anandipatsa, mudir, bwana wamkulu wa kampani, anachita kundigwira paphewa n'kunena kuti, “Mabruk,” ndiko kuti zabwino zonse. Ndinaiwerenga ndili m'basi ya kampani. Mzere wachiwiri: mlonda. Ndinamuona m'maganizo mayi uja akuiwerenga, kenaka akuitumiza kwa amayi ako kuti aone ngati zonse zili bwino. Ndinaipinda kanayi. M'mawa mwake ndinalemba kuti ntchito yandichulukira, ndili ndi semina ya antchito atsopano imene palibe wina angaiyendetse.

Masewerowo ndinaonera pa foni ya Che Yusufu, itabisidwa kuseri kwa buku la alendo, kuno ili cha m'ma leveni m'mawa. Koma tinayamba ndi kavidiyo ka m'chipinda chovalira. Jezi anakupatsa amayi ako, pambali pawo pali mdala wa ndevu zoyera uja. Analankhula mawu ochepa n'kulira, ndipo mawu ochepawo anaposa onse amene ine ndinalankhulapo ndi digiri yanga. Iwe unamwetulira, koma kawiri konse unacheukira kuchitseko. Zitseko ndi ntchito yanga, Limbani. Ndimasiyanitsa munthu woyang'ana chitseko chifukwa cha mphepo ndi woyang'ana chifukwa akuyembekeza munthu. Che Yusufu anandilanda foni. “Aphunzitsi,” anatero, “ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma uchitsiru wa mtundu uwu umafunika digiri.”

Kuyambira tsiku limenelo sindinaphonye masewero ako ngakhale amodzi, ndipo sindinakuuze. Ndinaona mpira wako woyamba kumenya, umene unalunjika kwa mayi wina wodya chitumbuwa pamzere wachisanu wa owonerera. Ndinaona atakutsitsira ku timu yachiwiri utangosewera katatu, kumabwalo amatope kumene owonerera ndi makolo ndi agalu, kamera yake imodzi yogwedera. Sabata yoyamba kumeneko unasewera ngati munthu wokakamizidwa kupita kumaliro a mfiti: manja m'chiuno, mlomo pansi. Nkhope imeneyo ndinaizindikira, ndimaimeta ndevu m'mawa uliwonse. Uisiye. Kutsitsidwa si matenda. Ndipo amene amachapa majezi anu, amene amakumangani mabandeji, uziwadziwa mayina ndi kuyamba ndiwe kuwapatsa moni. Akukuuza izi ndi munthu amene amadziwa kuchuluka kwa odutsa pachitseko osaona amene wachigwira. Sabata yachitatu unadzuka. Atakubwezera ku timu yaikulu unakwera pamapewa a chimunthu china chachikulu ngati thirakitala, n'kuwakha mpira kumwamba kumene kumayenda akhwangwala okha. Ndinakuwa m'chipinda cholandirira alendo, “Ameneyo ndi wanga!” Kagalu ka madamu wina kanadzikodzera. Supavaiza anabwera akuthamanga poganiza kuti kwabuka moto, ndipo nditamuonetsa anaonera kawiri, n'kunena kuti, “Khalas, basi, bisa foniyo,” kenaka n'kufunsa kuti mudzaseweranso liti. Mutapambana koyamba iwe uli momwemo, anzako anakuika pakati, atagwirana m'mapewa, akuimba nyimbo yawo yosalongosoka ija, n'kumakuthira zakumwa kumutu ngati ubatizo wa mpingo wa amisala. Ndinalira kuseri kwa chipewa. Kenaka ndinakulembera kuti, “Ndamva kuti mwapambana. Usaiwale kuwerenga.”

Ndinaonanso pamene anakugwera pabondo. Unadzuka msanga kwambiri n'kukwezera chala chachikulu anthu a kubenchi. Kadzukidwe kameneko ndinakadziwa. Ndiye dzulo pamasitepe sindinadabwe ayi, ndinkangotsimikiza.

Suti ya dzulo ija ndi ya Che Yusufu, n'chifukwa chake inkakana kumangika. Sindinanenepe monga ndinakuuzira. Ndinasankha lesitilanti ya tsidya lina la maboti, kutali ndi khomo langa, koma Doha ndi mudzi. Mlonda uja amene anatikuwira mokondwa kuti, “Malawi! Lero ofu?” ndi mnzanga wa ku Uganda, timakwera basi imodzi, ndipo ndikadwala ndi iye amandiphikira phala. Ndinamuyang'ana ngati sindimudziwa, n'kukuuza kuti anthu a kuno amasokoneza nkhope. Lero m'mawa sanandiyankhe moni, ndipo wachita bwino. Kenaka pa tiyi paja, utatha za bondo, unanena zako ndi ulemu wa amayi ako uja umene umapweteka kuposa chipongwe: “Adadi, mukanangonena kuti mumachita nawo manyazi mpira wangawu. Ndikanamva. Kusiyana ndi semina.” Sindinachitepo nawe manyazi, Limbani. Ku Ntcheu ndinkaopa kuti mwana wa mphunzitsi akakhala wampira anthu adzati mphunzitsiyo walephera. Kuno ndinkaopa kuti udzaona kuti analepheradi. Manyazi onsewa ndi anga, iwe ndinangokusenzetsa.

Tsono tamvera ndikuuze mmene chinthu chobisidwa chimakulira, pakuti pa phunziro ili ndiye ndili ndi digiri yeniyeni. Chimayamba chaching'ono, chomveka, cha sabata imodzi yokha. Umati ndidzanena zinthu zikakhala bwino. Koma kuti uchisunge umayamba kuyenda mopendekera, mbali ina n'kumasenza katundu wa inzake, mpaka tsiku limene ukufunika kudumpha chimakukana pamaso pa anthu. Changa chinandikana tsiku la jezi yako. Chako chidzakukana uli m'malere, munthu ali pansi pako, ndipo pamenepo sipadzakhalanso zokambirana za kupuma milungu ingapo. Ine si dokotala, sindikudziwa chimene chili m'bondomo. Mwina n'chaching'ono, akakugoneka pang'ono n'kutha. Iwenso sukudziwa, vuto lake ndi limenelo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chimenecho palibe angakutsegulire, ngakhale ine katswiri.

Sindikunamiza kuti ukanena zonse zikayenda bwino. Kunama ndasiya masana ano. Mwina akakuikadi pambali. Mwina wamtali mnzako uja atengadi malo ako, chaka chikatha n'kukuuza kuti zikomo, pita bwino. Zikatero udzamva kuwawa, udzandiimbire, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzafunsa za sukulu, kwa mwezi umodzi. Koma udzakhala ndi zaka makumi awiri ndi miyendo iwiri. Matimu alipo ambiri, bondo lamanzere uli nalo limodzi. Ndipo tsiku lina ukadzapezeka ukunyamula makatoni m'sitolo, kaya ukusambitsa nkhalamba za eni ake, udzatchule dzina la ntchitoyo mokweza tsiku loyamba lomwelo, isanamere mano.

Mawu ena m'kalatamu akukuvuta, ndikudziwa. Ukawapatse amayi ako akakuwerengere. Inde, ndaganizira tanthauzo la zimenezo. Mzere umenewu ndauyang'ana mpaka wa ku Nepal uja watembenuka kawiri. Akawerenge yonse. Akafika pa chipewa ndi wisulo ukawasiye aseke mpaka amalize, adikira zaka zambiri. Akatha, ukawauze kuti ndati analera bwino, ndipo mdala uja ukamugwire chanza m'malo mwanga, ndi manja awiri. Usaiwalenso kuti amayi ako ndi namwino: akangowerenga za bondoli, kwa dokotala ukafika atakukoka khutu. Koma ine ndikufuna ukapite wekha asanakukoke. Kunena ndi kugwidwa n'zosiyana, ndipo ine ndinatsala pang'ono kugwidwa dzulo ndi munthu wondiphikira phala.

Che Yusufu asiya kalatayi ku hotela kwako madzulo ano. Mawa wapempha chilolezo kwa madamu ake, ndipo cha m'ma fili koloko masana adzaima panja pa hotelayo. Ukafuna, udzakwere, adzakudutsitsa pakhomo panga musanapite ku eyapoti. Masiku awiri a tchuthi amene ndinapempha atha lero, choncho udzandipeza mmene ndimakhalira: yunifolomu yabuluu, chipewa chondikulira, nsapato zopukutidwa kuposa za nduna. Ndidzakutsegulira monga ndimatsegulira aliyense. Kenaka ndidzaitana supavaiza, ndi okolopa, ndi aliyense wotuluka m'chikepe, n'kuwauza kuti uyu ndi mwana wanga, iwe uli pomwepo kuti umve ndi makutu ako. Udzandiyang'ane bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka pansi, usadzandimvere chisoni, udzangoona. Ine ndidzakhala nditaonetsa potupa panga. Lolemba ndi iwe.

Ukapanda kubwera ndimvetsa, ndipo dokotala ukamuuzebe. Usalange bondo lako chifukwa cha bambo ako. Ine ndidzakhala ndili pomwepo mpaka sikisi. Ndiyo ntchito yanga.

Ndine bambo ako,
mlonda.